Holoselo ikufuna kashi, sikimu sikulipira: nditseke famase?

Wa ku Area 25: Anzanga thandizeni, mutu waima. Holoselo yomwe ndimaodako yasiya zondipatsa masiku 30 oti ndilipire mankhwala, akuti kashi kaye poti forex yolipirira ku India ikuvuta. Sikimu ina ya zachipatala (inshulansi yolipirira odwala) yakhalira ma claim anga, ndalama za mankhwala omwe mamembala ake anatenga, ndikaimba amangoti tikukonza. Landilodi naye wakweza renti. Amlodipine ndi metformin zatha pa shelefu, a BP ndi a shuga akungobwerera pakhomo. Kodi boma lili ndi thandizo lililonse la mafamase ang'onoang'ono, kapena ndingotseka?

Wa ku Zomba: Siyani sikimu achimwene. Kashi basi.

Mayi a ku Mzuzu: Thandizo lake liti? Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 tinadzionera tokha. Ine ndinapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale, kumvera chisoni agogo omwe amandigula mankhwala mwezi ndi mwezi. Popita kukaoda, ndalama ija inangogula theka la katundu ndi kakapamwamba. Ikani mtengo poyang'ana invoice yomwe ikubwera, osati yapitayo.

Wa ku Mangochi: Ena anayesapo ngongole ya NEEF, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za mabizinesi. Koma musakongole kuti mutsekere dzenje la sikimu, mudzalipira chiwongoladzanja pa ndalama yanu yomwe ili m'thumba mwa wina.

Wa ku Zomba: Ndi zomwe ndikunenazi. Sikimu ndiyo ikukuphani.

Wa ku Area 25: Bambo, theka la makasitomala anga ndi a khadi ya sikimu. Ndikawasiya apita ku mafamase akuluakulu a m'tauni, sabwereranso.

Mkulu wa ku Limbe: Mukaganiza zotseka, chonde katundu wotsala musagulitse kwa mavenda, olo abwere ndi kashi m'manja. Batch number, nambala ya pa paketi ya mankhwala, imalondoleka, ikapezeka pa msika funso lifika kwa inu. Alembereni a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi mafamase, regista ya controlled drugs (mankhwala omwe lamulo limawayang'anira mwapadera) ikhale yogwirizana mpaka piritsi lomaliza, ndipo zopita nthawi musataye kudzala. Chinanso, njala isakupangitseni kumagulitsa amoxicillin wa masiku awiri opanda prescription. Ndinaona mnzathu akutaya laisensi chifukwa cha zomwezo.

Wa ku Zomba: Nayenso anali wa sikimu ameneyo, ndikubetcha.

Mayi a ku Mzuzu: Aaa bambo a ku Zomba, tamva! Ine changa ndi furiji. Magetsi akathima tsiku lonse insulin ndimamuthamangitsira mu cooler box. Amene munaika sola, batire la saizi yanji likumafika m'mawa?