Madzi ochokera ku zitsime za mafuta akalowa mu mtsinje amaononga chani kwenikweni?

Nabanda: Akuluakulu ndithandizeni, dzulo tinakangana ndi achimwene anga mpaka usiku. Ine ndimadziwa kuti choipa ndi mafuta akuda aja timaona pa TV atamata mbalame, koma iwo akuti olo mafutawo awachotse onse madzi otsalawo amaphabe nsomba. Madzi oyera mbee angaphe bwanji?

Chiku88: Achimwene anuwo akunena zoona achemwali. Mafuta satuluka okha pansi, amabwera ndi madzi omwe akhala mmiyala zaka mamiliyoni, amawatcha produced water, ndipo chitsime chikamakalamba madziwo ndi amene amachuluka, pena migolo 10 ya madzi pa mgolo umodzi wa mafuta. Vuto lalikulu ndi mchere. Madzi a mnyanja yamchere amakhala ndi magalamu 35 pa lita imodzi koma a mzitsime za mafuta ku North Dakota ku America amadutsa 200, ndiye taganizani mwawathira mu kamtsinje nthawi yachilimwe madzi atachepa. Nsomba ya mu mtsinje thupi lake silinazolowere zimenezo, madzi amayamba kutuluka mthupi mwake, imauma ili mmadzi momwemo. Koma zoyamba kutha si nsomba ai, ndi tizilombo tija timamatirira kunsi kwa miyala, mukatembenuza mwala nkupeza kuli see dziwani kuti zinthu zalakwika kale. Ku North Dakota komweko paipi ya madzi amenewa inaphulika nkuthira malita mamiliyoni mu Blacktail Creek, anazitulukira mu Januwale 2015.

Gogo_Jiyoloji: Mwana wanga Chiku wanena bwino koma waiwala matope. Madziwa amanyamula radium kuchokera mmiyala, chitsulo chotulutsa cheza choopsa cha radiation, ikafika mu mtsinje imakhazikika pansi. Ku Pennsylvania ofufuza a pa Duke University mu 2013 anapeza kuti matope a pomwe fakitale yoyeretsa madziwa imatayira mu Blacklick Creek anali ndi radium yochuluka pafupifupi ka 200 kuposa kumtunda kwake. Madzi oyeretsedwa kale amenewo! Ndipo radium-226 kuti ichepe ndi theka zimatenga zaka 1600. Madzi amapita, matope amatsala pompo.

Nabanda: Eee agogo mwandiopsa. Nanga munthu akawiritsa kapena kuthira klorini sizitheka?

Gogo_Jiyoloji: Ayi mama, kuwiritsa kumapha majeremusi basi, mchere ndi zitsulo zimatsala mu poto, zimachita kuchulukirako chifukwa madzi ena apita ndi nthunzi. Klorini ndiye nkhani ina, madziwa amakhala ndi mtundu wina wa mchere wotchedwa bromide ndipo ziwirizi zikakumana pamodzi ndi zinyalala zoola za mmadzi zimapanga ma trihalomethanes omwe amawaganizira kuti amayambitsa khansa. Nchifukwa chake mu 2011 boma la Pennsylvania linauza okumba gasi kuti asiye kupititsa madzi awo kumafakitale otayira mmitsinje.

Mavuto_T: Koma musawachepetse mafuta enieniwo aise. Ku Ogoniland ku Nigeria lipoti la 2011 la UNEP, nthambi ya UN yoona zachilengedwe, linapeza benzene, mankhwala a mmafuta, mzitsime zomwe anthu amamwa yoposa mlingo wa WHO ka 900, ndipo benzene imasungunuka mmadzi simungaione, ndi ija imayambitsa khansa ya mmagazi. Kumafakitale oyenga mafuta kumatulukanso phenol ndi amoniya, mabakiteriya akamadya zimenezo amamaliza okosijeni, mmawa mumangopeza nsomba zili yasa yasa pamwamba. Kanthu kena achemwali, mukaona utawaleza pamwamba pa madzi musathamangire kunena kuti ndi mafuta, tengani kamtengo mubaye. Ukasweka tizidutswa ngati galasi ndi mabakiteriya a ayironi chabe, ukabwererana nkulumikizananso amenewo ndi mafuta.

Chiku88: Madzi a produced water aja ambiri masiku ano amawapopera pansi penipeni mzitsime zakuya, zili bwinoko kusiyana ndi mu mtsinje, kungoti ku Oklahoma anapopa mpaka zivomezi zinachuluka, cha ku Pawnee mu 2016 chinafika 5.8 pa sikelo ya mphamvu ya zivomezi. Ofuna kuyeza mtsinje ayambe ndi kamita ka conductivity komwe kamaonetsa kuchuluka kwa mchere mmadzi, ayeze kumtunda kwa paipi kenako kumunsi, makamaka madzi akachepa.

Nabanda: Zikomo nonse. Achimwene ndikawauza za kamtengo zokhazo, zoti anawina asadziwe.