Gulu la a Kum'mawa ku Mozambique: Mtsikana Wathu Akupita ku Tete Kukatumikira

Mtsikana wa ku Kapata (Chipata, Zambia): Mwauka bwanji makolo anga. Mpingo wandituma ku Tete chaka chathunthu, ndikathandize pa Sande sukulu ndi kuyendera odwala. Ndikonzekere chiyani?

Amalume a ku Moatize: Yamba ndi mapepala, mwana wanga. Chidindo chimene m'Zambia amapatsidwa pa boda ndi cha mlendo, cha masiku 30, ndipo sichikupatsa chilolezo chokhala chaka ukugwira ntchito ya mpingo. Mpingo wa ku Tete ukulembere kalata yokuitana, ya m'Chipwitikizi, yokhala ndi chidindo chawo. Tenganso kalata ya ku polisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, amadinda zala. Upite nazo ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lusaka usananyamuke, akakuuze viza yoyenera. Chiphaso cha DIRE cha okhalitsa amapereka ndi a Migração, ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko, ukafika. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa isanathe. Amene amapitiriza masiku amalipitsidwa chindapusa cha tsiku lililonse, ndipo mpingo umene unakuitana nawonso umalowa m'mavuto.

Adalaivala a pa Chanida: Ngati ndi Tete tauni, njira ndi Katete, Chanida, Cassacatiza. Fika pa boda m'mawa, machapa, maminibasi a ku Mozambique, amadzaza msanga. Ngati akutumiza ku Angónia, dzera ku Mwami, Lilongwe, Dedza. Usanachoke pa windo yang'ana deti limene alemba pa chidindo. Ndalama sintha zochepa chabe za ulendo, uwerenge mametikali ako wekha usanapereke makwacha.

Anesi a ku Matundo: Ine ndinene za thupi, chifukwa achinyamata amabwera ndi moto wa uthenga n'kuiwala kuti Tete si Chipata. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kuyendera makomo kuyambe 6 koloko, pofika 10 ukhale wabwerera. Masana khala pamthunzi, konza phunziro la ana, utulukenso 16 koloko. Madzi a pachitsime uthire Certeza, ndi ngati Clorin wa kwathu: kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, udikire mphindi 30. Chigubucho chikhale cha pakamwa pang'ono, poti m'ndowa yotsegula anthu amaviikamo kapu ndi manja, madzi n'kuipanso.

Neti ubwere nayo. Thupi likatentha kayezetse tsiku lomwelo, usangomwa Panadol. Akakupeza ndi malungo, Coartem amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ulendo wachiwiri patapita maola 8, ndipo uzidyera chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino. Ambiri amasiya tsiku lachiwiri akamva bwino, malungo n'kubwerera.

Ukapeza mwana wotsegula m'mimba pakhomo popanda paketi ya ORS: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mchere ukachuluka umamuvulaza mwana. Mupempherere, koma amake anyamuke naye kupita kuchipatala. Ndipo chonde, wa ma ARV kapena wa TB asamve m'kamwa mwako kuti asiye mankhwala poti mwapemphera.

Mtsikana wa ku Kapata: Zikomo amai. Nanga chilankhulo? Chipwitikizi sindidziwa.

Amalume a ku Moatize: Ku Angónia, Macanga ndi Chifunde Chichewa chako chikwanira. M'tauni ya Tete ndi Chinyungwe, khutu lizolowera msanga poti n'chachibale. Chipwitikizi phunzira cha moni, manambala ndi cha kuchipatala, maofesi onse amagwiritsa chimenecho.

Akulu a mpingo a ku Ulongwe: Mwanawe, safunsa anadya phula. Usanagogode pakhomo la munthu, abusa a kumeneko akakuonetse kwa secretário do bairro, mkulu woyang'anira dera la m'tauni, kumudzi kwa amfumu. Akapanda kukudziwa, anthu amakukayikira ndipo zitseko zimatsekeka. Poyenda muzikhala awiri, mnzakoyo akhale mai wa mpingo womwewo, ndiye adziwa nyumba ya maliro, ya wodwala, ndi imene simuyenera kulowa mwamuna ali yekha. Chitenje chisachoke m'chikwama.

Za zopereka ndiye pamene pamagwa ambiri. Sopo, zovala, makope, usagawe ndi dzanja lako. Lemba m'buku zimene zabwera, madikoni asankhe olandira, ndipo osaina akhale awiri. Ukapatsa banja limodzi mwamseri, mawa mudzi wonse uli pakhomo pako ndipo osalandira amakwiyira mpingo, iwe utapita kale. Usalonjeze fizi kapena malata usanaone ndalama. Zithunzi za ana ndi odwala usaike pa Facebook eni ake asanalole. Pakagwa maliro siya pulogalamu yako, ukakhale ndi azimai kotunga madzi ndi kophika. Tsiku limodzi pa sabata upume ndithu, wotumikira wotopa amayamba kukalipira ana.

Adalaivala a pa Chanida: SIM ya Vodacom kapena Movitel amalembetsa ndi pasipoti, pomwepo akutsegulire M-Pesa kapena e-Mola, zotumizira ndalama pa foni. Kumidzi Movitel ndiyo imagwira bwino. Gula adaputa, masoketi a kuno ndi a mabowo ozungulira, chaja ya mano atatu ya kwathu siilowa. Magetsi ndi a mayunitsi, Credelec, funsa kale ngati amalipira ndi mpingo kapena iwe.

Mtsikana wa ku Kapata: Ndalemba zonse. Mawa ndikayamba ndi ku polisi, kenako ndiwaimbire abusa za kalata ija.