BP ya amayi ikungokwera ndi kutsika chiyambireni prednisolone, ndithandizeni nzeru

Abale anga, makamaka inu a zachipatala ndi amene munadwazikapo nyamakazi, ndithandizeni maganizo. Ndili ku Bembeke kuno ku Dedza, ndimakhala ndi amayi anga a zaka 63. Anawapeza ndi nyamakazi yotupitsa mfundo za zala ndi maondo, ija adokotala amati rheumatoid arthritis. Ankalephera ngakhale kumanga chitenje kapena kugwira mthiko, m'mawa zala zili gwa mpaka dzuwa litakwera. Kuchipatala anawapatsa prednisolone, timapiritsi ta 5mg, tinayi m'mawa uliwonse, ndipo mankhwalawa agwiradi ntchito. Pano akusenda okha mbatatesi, kutchalitchi akupita okha.

Vuto ndi BP. Amayi ndi a BP kale, amamwa HCTZ ndi amlodipine, ndipo inkakhala cha m'ma 130/80. Pano sikukhazikikanso. Achimwene anatigulira kamakina koyezera. Dzulo m'mawa inali 168/98, madzulo 135/85. Tsiku lina inafika 176/100 mutu ukuwagunda kunkhongoku, koma mawa lake atadzuka pamphasa mofulumira anachita chizungulire mpaka kugwira khoma, kuyeza 112/70. Nkhope yafufuma, akakolo atupa moti ukadina ndi chala pakutsala kadzenje. Usiku maondo akavuta amamwa brufen wa pagolosale.

Tsopano akuti asiye prednisolone, ati akuwanenepetsa n'kuwakwezera BP. Azakhali nawo akuti angomwa adyo ndi chammwamba. Tsiku lathu la kiliniki lili kumapeto kwa mwezi. Ndiwalole asiye? Nanga tsiku limene BP yatsika, mankhwala a BP aja adumphitse? Mtima wanga suli m'malo, usiku ndikumadzuka kukawasuzumira.

Namwino wina: Achemwali, chonde amayi asasiye prednisolone mwadzidzidzi. Thupi limapanga lokha cortisol, mchere wa m'thupi (homoni) wogwira ntchito yofanana ndi prednisolone, m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Munthu akamwa prednisolone kupitirira masabata atatu, tiziwaloto timachepetsa ntchito, ndiye akangosiya lero thupi limasowa pogwira: kufooka, kusanza, BP kugweratu pansi, ena amakomoka, ena amatisiya kumene. Ochepetsa ndi adokotala, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono. Kukwera kwa BP n'chifukwa choti mankhwalawa amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi.

Koma ine chandidetsa nkhawa kwambiri ndi brufen. Mankhwala ochepetsa ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid amakweza BP, amachepetsa mphamvu ya HCTZ, amavutitsa impso, ndipo akakumana ndi prednisolone amayambitsa zilonda za m'mimba. Ameneyo ndiye asiye, amwe kaye panado. Musadikire kumapeto kwa mwezi. Pitani sabata ino ndi buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse muwatenge m'thumba, ngakhale azitsamba. Mukapemphe awayeze shuga, impso ndi potassium (mtundu wina wa mchere wofunika m'magazi), chifukwa prednisolone amakweza shuga, ndipo iye ndi HCTZ onse amatsitsa potassium. Kutupa akakolo amlodipine nayenso amachititsa. Mukafunsenso za methotrexate, mankhwala ena a nyamakazi amene amamwa kamodzi pa sabata. Akayamba kugwira ntchito, adokotala amatha kutsitsa prednisolone. Mankhwala a BP musawadumphitse mwa inu nokha, mukanene za chizungulirecho. BP ikafika 180/120, kapena akamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kuona zachimbuuzi, kukhota pakamwa kapena dzanzi mbali imodzi, musadikire kuti kuche.

Bambo wina wa ku Tsangano: Achemwali, onaninso kayezedwe. Ine ndimamwa prednisolone yemweyu chifukwa cha mphumu, ndipo manambala a BP ankandisokoneza mutu. Kuzizira kwa kwathu kuno kumakweza BP, ndiye musawayeze atangochokera panja m'mamawa kapena atangomwa tiyi. Akhale pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula, ndipo avule juzi mkono umenewo. Yezani kawiri, nthawi yofanana m'mawa ndi madzulo, mulembe m'kope pamodzi ndi nthawi imene amwa mankhwala. Adokotala akaona kopelo sayenda mongoganizira. Podzuka ayambe akhala tsonga kaye, kenako aimirire.

Mayi wina wa ku Lizulu: Anzanga, yang'anani kukhitchini. A WHO amati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, kuwerengera ndiwo zonse. Koma timaiwala soda wa m'therere ndi m'nkhwani, nayenso amakweza BP ngati mchere womwewo. Timakyubu tokometsera ndiwo nato n'todzaza mchere. Apongozi anga ndinayamba kuwaphikira m'kapoto kawo, tomato ndi anyezi wambiri, nsinjiro, mchere wongotsina. Anadandaula masiku oyamba, kenako anazolowera.

Mwini funso: Zikomo kwambiri anamwino ndi nonse. Ndawawerengera amayi, avomera kupitiriza prednisolone, ndipo brufen ndamuchotsa kuchipinda kwawo. Lachinayi tikwera ya ku boma ndi kope lathu. Funso lina anamwino: ngati akawayeza shuga, apite osadya? Nanga prednisolone wa m'mawa amwere kunyumba kapena tinyamule akamwe akatha kuyezedwa, poti anatiuza kuti azimwa atadya?