Za utoto wa besi uja

Abale, ndinafunsa paja ngati gitala yanga ya besi ndiipake utoto wa Antigua kapena wa Pink Paisley. Ambiri munati Antigua siyooneka bwino: pakati poyererapo, m'mbali motuwa ngati mwawauka ndi moto. Koma ine ndaikondera pomwepo. Kampani yopanga magitala ya Fender inaitulutsa pa gitala ya Coronado mu 1967, kenako inadzaibweretsanso pa mabesi ake a Precision ndi Jazz Bass chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Paisley ndaisiya. Mmodzi wa inu anandiunikira kuti ya 1968 ija sinali utoto wokha, linali pepala lamaluwa lomatidwa pathabwa n'kukutidwa ndi vanishi wa polyester. Kuti ituluke bwino m'povuta.

Wopaka wayamba kale ntchito. Chandivuta ndi pickguard, pulasitiki yoteteza thabwa kunsi kwa zingwe, poti nayonso imapakidwa mofanana. Alipo anaipakapo utoto osasupuka ndi zala?