Seva ya Windows Server 2008 R2: ndiisungebe kapena ndiisiye?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa za makompyuta pa koleji ina yaing'ono, komanso ndine ndimayang'anira seva (kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena) ya ku ofesi ya akawunti. Ili ndi Windows Server 2008 R2. Ndikudziwa kuti Microsoft inasiya kuitumizira ma update pa 14 January 2020, koma pulogalamu yosunga za fizi imangoyenda pamenepo basi. Amene anatipangira anachoka kalekale, nambala yake siipezekanso. Nditaiyika pa Server 2019 imangotseguka n'kudzitseka.

Sabata yatha magetsi atayaka, seva inachedwa kudzuka, hadi disiki ili tchi tchi tchi. Ndinaima pamenepo mtima uli phaphapha, chifukwa m'menemo muli malipiro a ophunzira a zaka zambiri, ena sanatengebe satifiketi.

Chinanso: Active Directory (dongosolo la Windows loyang'anira ma akaunti olowera pa netiweki) ndimaphunzitsira pa 2008 yomweyi, poti makompyuta a mu labu ali ndi RAM (memori) yochepa, ya 4GB yokha. Kodi anawa sindikuwalakwira?

Ndemanga

— Aphunzitsi, yambani ndi disikiyo, zinazo pambuyo. Lero lomwe ikopeni yonse ndi Clonezilla (pulogalamu yokopera disiki) pa disiki ina, kenako muyese kuibwezeretsa pa makina ena muone ngati pulogalamuyo ikutseguka. Ikatseguka, isamutsireni mu virtual machine (kompyuta yongoyerekeza yoyenda m'kati mwa kompyuta ina) pa kompyuta yatsopano. Mugulenso UPS, batire yoti seva isazime mwadzidzidzi magetsi akathima.

— Ndiwonjezereko. Sevayo isaone intaneti ngakhale pang'ono. Vairasi ya WannaCry ija ya May 2017, yomwe inasokoneza zipatala za NHS ku Britain, inkalowera pa SMBv1 (njira yakale ya Windows yogawirana mafailo), port 445 (port ndi khomo lolowera pa netiweki). Mu 2019 kunabweranso BlueKeep, bowo la chitetezo la mu Remote Desktop (njira yolowera mu kompyuta uli kutali), ndipo 2008 R2 inali m'gulu. Onani ngati ma update a ziwirizi analowa.

— (Wofunsa) Apa mwandigwira mtima, achimwene. A akawunti amalowa ndi Remote Desktop ali kunyumba, makamaka kumapeto kwa mwezi.

— Tsekani port 3389, ya Remote Desktop, pa rauta usiku uno. Akafuna kulowa adutse pa VPN, njira yotetezedwa yolowera pa netiweki ya ku ofesi. Adzadandaula masiku awiri, kenako azolowera.

— Pa za ophunzira ine sindikugwirizana nanu. Microsoft imapereka Server 2022 yoyeserera masiku 180 kwaulere, ndipo Server Core (Windows Server yopanda desktop) siidya RAM yambiri. Mwana akapita ku intavyu adzafunsidwa zatsopano.

— Zoona mayi, koma akalembedwa ntchito akapeza chiyani? Makina akale omwewa. Ine tsiku langa loyamba pantchito anandilozera seva ya 2003 ili pansi pa tebulo, fumbi lili mbuu. Aphunzitseni zonse ziwiri, yakaleyo ikhale mu VirtualBox (pulogalamu yoyendetsera ma virtual machine) pa host-only network, kuti isafike pa intaneti. Ndipo muwapatse ntchito yosamutsa ma akaunti a mu Active Directory kuchoka ku 2008 kupita ku yatsopano.

— (Wofunsa) Zikomo nonse, Clonezilla ndatsitsa kale. Nanga layisensi ya Windows idzavomera ndikaisamutsira mu virtual machine? Inabwera limodzi ndi makinawo, sitika yake ili pambali pa bokosi.