Matikiti a The Lion King ku London: tiguliretu kapena n'kutaya ndalama?

Nachisale: Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Mwana wanga wachisamba akulandira digiri ku Leeds mu Julayi, ndipo ndikupita ndi amayi anga, agogo ake, amene anamulera ine ndili pa sukulu. Mwambo ukatha tikakhala ku London masiku anayi. Mwanayo akuti tikaonere sewero la The Lion King ku Lyceum Theatre, ndipo akundiumiriza kuti tigule matikiti panopa, ati mipando yabwino imatha msanga. Ndayang'ana pa intaneti, mipando akuifunayo ikudutsa mapaundi 100 munthu mmodzi. Anthu atatu! Viza sinatuluke, ngakhale zala sitinakadinde. Inu odziwa za kumeneko ndithandizeni: n'choyenera ndalama zimenezi, kapena ndimuuze mwana aiwale?

Malume a ku Dedza: Mayi, tikiti imodzi ikuposa thumba la fetereza. Atatu ndiye kuti munda wonse wapita m'maola awiri. Mukaonako chiyani? Ndamva kuti ndi anthu ovala ngati nyama, njovu, nyamalikiti, afisi. Bwerani kwathu kuno kukakhala chiliza mudzaone njovu ikutuluka ng'oma zili pakati, osalipira khobiri. Azungu akutigulitsa zathu zomwe.

Nabanda wa ku Luton: Achemwali, tiyambe ndi chofunika, za malumezi tibwererako. Musagule kanthu viza isanatuluke. Matikiti a zisudzo kuno kawirikawiri sabweza ndalama. Ena amalola kusintha tsiku mukawauza nthawi ikadalipo, ndipo pamakhala kolipira pang'ono, koma kusintha tsiku kungathandize chiyani munthu ali ku Lilongwe wopanda viza? Mukhoza kufunsira viza yokacheza kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke, ndipo yankho limabwera pakatha pafupifupi masabata atatu mutadinda zala. Yambani msanga, mudzakhala ndi nthawi yokwanira yogula matikiti. Holo imeneyo imalowa anthu oposa 2,000 ndipo amasewera kasanu ndi katatu pa sabata. Kuyambira 1999 mpaka lero akusewerabe, anangoimako nthawi ya Covid. Sithawa ayi.

aPhiri a ku Manchester: Zimene akunena Nabandazi ine ndinaziphunzira ndi misozi. Ndinagulira apongozi matikiti awiri a sewero lina chifukwa cha changu, mafomu a viza ndinadzaza mochedwa ndine ndemwe, tsiku linafika iwo akadali ku Mchinji. Ndinakaonera ndi mnzanga wa kuntchito amene anagona kuyambira pakati mpaka pamapeto. Kuthamanga sikufika.

Koma pa funso loti n'choyenera kapena ayi, ine ndili mbali ya malume pang'ono. Mapaundi 300 ku London ndi zambiri: ndi chakudya cha masiku onse anayiwo ndi sitima zapansi pamodzi. Pitani ku kanyumba ka matikiti ka pa Leicester Square, kamene ambiri amakadziwa ndi dzina loti TKTS. Amakayendetsa ndi a Society of London Theatre, bungwe la eni maholowo, ndipo amagulitsa matikiti a tsiku lomwelo pamtengo wotsitsa. Mukafika m'mawa, muona zimene zilipo, musankhe. Masewero ndi ambirimbiri ku West End, dera la maholo a zisudzo ku London, si Lion King yokha.

Nabanda wa ku Luton: Achimwene, TKTS ndi yabwino kwa inu ndi ine amene tingaonere chilichonse. Lion King saitsitsa mtengo wamba chifukwa imadzaza yokha. Ndiye muwaimika agogo pamzere, kenako mupeze kuti zotchipa ndi masewero olankhula Chingerezi chokhachokha. Agogowo Chingerezi amachimva, achemwali?

Nachisale: Chamoni basi. Ndi cha m'nyimbo za ku tchalitchi pang'ono.

Nabanda wa ku Luton: Basi nkhani yatha pamenepo.

Aphunzitsi Opuma: Ndiloleni ndilowepo, ine zisudzo ndi matenda anga. Ndinaphunzitsa ana a sekondale masewero a mpikisano wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, zaka zambiri, ndipo nthawi ya Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata sindinkajomba ku French Cultural Centre ku Blantyre. Anatisiya mu 1999, chaka chomwecho chimene sewero tikukambali linatsegulidwa ku London. Ine ndinakaliona mwana wanga atandiitana, ndipo ndinalowa ndi mtima wa malumewo, woti aa, za ana izi.

Malume, simunanametu kuti pali kufanana. Koma pali kusiyana kumene kunandigwira mtima. Kwathu chilombo ndi chilombo, palibe amene amaloza kuti m'katimo muli uje. Kumeneko anachita mosemphana dala. Mayi amene analikonza, Julie Taymor, anaika chigoba cha mkango pamwamba pa mutu, nkhope ya munthu ikuonekera pansi pake. Umaona nyama ndi munthu nthawi imodzi. Nyamalikiti ndi munthu woyenda pa ndodo zinayi, ndodozo sanazibise. Agwape akudumpha pa kangolo, wokankhayo ukumuona. Sakukunamiza kuti ndi zenizeni, koma pakapita mphindi zisanu umaiwala wekha. Ine amene ndinkavutika kupanga mkango ndi makatoni a sopo ndinangoti kukamwa yasa.

Ndipo kwa agogo, nyimbo zambiri za kwaya zili m'Chizulu ndi zilankhulo zina za ku South Africa, ntchito ya Lebo M. Mawu sadzamva onse, koma kayimbidwe kake n'kathu: mmodzi atsogola, gulu livomera. Nkhani yake ngakhale wosamva chilankhulo aitsata. Mfumu yaphedwa ndi mng'ono wake, mwana wathawa, wakula, wabwera kudzatenga mpando. Kumudzi kulikonse milandu ya ufumu yotere ilipo.

Malume a ku Dedza: Aphunzitsi, za m'kati mwa chilombozo tisapitirize, pano pali amayi ndi ana. Koma mwandipatsa mfundo inanso: ngati nkhaniyo tikuidziwa kale, tilipiriranji?

Aphunzitsi Opuma: Nanga nthano za kalulu simunkazidziwa kale pomwe munkapempha agogo anu kuti abwereze?

Nagama wa ku Joni: Hahaha malume agwidwa. Ine ndinaliona kuno mu 2007 pomwe linabwera ku Montecasino. Chimene sindiiwala ndi poyambira, nyama zikulowa kuchokera kumbuyo kwa holo, kudutsa m'tinjira ta pakati pa mipando. Njovu inadutsa pafupi nane moti ndikanatha kuigwira. Ndiye mvetsani apa achemwali: mukagula mipando yotchipa ya pamwamba penipeni, zimenezo muzionera patali ngati nyerere zikakwera kale pa nsanja. Mukagula, gulani pansi, m'mphepete mwa kanjira. Mukapanda kutero bola kusiya.

aPhiri a ku Manchester: Apo ndiye ndikutsutsani. Ku Lyceum kuli zigawo zitatu: Stalls pansi, Royal Circle pakati, Grand Circle pamwamba. Ine ndinakhalapo ku Royal Circle ndipo nsanja yonse imaoneka bwino kuposa pansi, makamaka pamene nyumbu zikuthamanga m'chigwa. Pansi, munthu wamtali akakhala kutsogolo kwa agogo ndiye kuti alipira mapaundi 100 kuonera nkhongo ya mzungu.

Nabanda wa ku Luton: N'chifukwa chake a m'mphepete mwa kanjira ndi abwino, umatha kusuzumira. Koma achimwene, mwaiwala masitepe. Holoyo ndi yakalekale, kukwera ku Grand Circle ndi phiri, ndipo mipando yake ndi yotsetsereka moti wachizungulire sangakondwe. Mawondo a agogo ali bwanji?

Nachisale: Amayenda okha koma masitepe amadana nawo. Kuchipatala tikapita amapuma kawiri asanafike pamwamba.

aPhiri a ku Manchester: Chabwino, pa masitepe ndagonja. Koma ndikadali pa mfundo yanga yoti pali zotchipa. Ku Shakespeare's Globe, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, matikiti oimirira pabwalo ndi a mapaundi ochepa chabe. Nyumba yofolera ndi udzu ngati kwathu, anaitsegula mu 1997 motengera ya nthawi ya Shakespeare.

Aphunzitsi Opuma: Ndi malo okoma, ndinafikako. Koma aPhiri, muwaimika amayi achikulire maola atatu, pamtetete, kukhala pansi salola, ambulera salola ngakhale mvula igwe, akumvera Chingerezi cha zaka 400 zapitazo chimene ana anga a Fomu 4 ankalira nacho? Kumeneko apite mwini digiriyo ndi anzake. N'chimodzimodzi The Mousetrap ku St Martin's Theatre. Anthu amaikonda chifukwa yakhala ikuseweredwa kuyambira 1952, koma ndi anthu ali m'chipinda chimodzi kumangoyankhulana, kufufuza amene wapha munthu. Pomaliza amapempha oonerera kuti asakaulule kunja kuti wakuphayo ndani.

Malume a ku Dedza: Ohoo, ndiye nawonso ali ndi dambwe lawo.

Nagama wa ku Joni: Malume lero mwadya chiyani kodi?

Aphunzitsi Opuma: Ndisanaiwale. A Royal Shakespeare Company anatenga nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu uja anapanga makina oyendera mphepo, n'kuisandutsa sewero la nyimbo. Mwana wanu ayang'ane ngati likuseweredwa masiku amenewo. Agogo kukaona za njala ya 2001 ndi 2002 pa nsanja ya ku England, imeneyo ingakhale nkhani ina. Koma mwina zowawa zimenezo anaziona zokwanira ndi maso awo.

Nachisale: Anataya abale chaka chimenecho, aphunzitsi. Paulendo uwu ndikufuna aseke.

Nabanda wa ku Luton: Ndiye tikambe za kagulidwe. Musavutike ndi khadi yanu ya ku banki ya kumudzi. Ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, makhadi ali ndi malire, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 paundi iliyonse imaluma. Agule mwana ndi khadi yake ya kuno, inu mudzakambirana. Matikiti amabwera pa foni, ndiye foni ikhale yake yomweyo.

Agule pa tsamba la eni sewerolo, kapena kwa ogulitsa amene ali ndi chizindikiro cha STAR, bungwe la ogulitsa matikiti odalirika. Ine chaka changa choyamba ndinangodina tsamba loyamba limene linatuluka nditafufuza, osadziwa kuti ndi la anthu ogula n'kugulitsanso. Ndinalipira pafupifupi kawiri mtengo wolembedwa pa tikiti, ndipo mpando wake unali woti mbali ina ya nsanja sinkaoneka. Akaona mawu oti restricted view adziwe kuti pali chotchinga, n'chifukwa chake watchipa.

China: Lolemba sasewera. Mitengo imasintha ndi tsiku, Loweruka imakwera, pakati pa sabata imatsikako. Lachitatu pamakhala sewero la masana, 2:30, ndipo limatenga maola awiri ndi theka kuphatikiza kupuma. Kwa agogo limenelo ndiye labwino, mutuluka kukadali kowala, mudye ku Covent Garden pafupi pomwepo, mubwerere osalimbana ndi chikhamu cha usiku. Sukulu za boma kuno zimatseka chakumapeto kwa Julayi, mukaonera zisanatseke mtengo umakhalako bwino.

aPhiri a ku Manchester: Ndipo musaike sewero tsiku lomwe mukuchokera ku Leeds. Sitima yofika ku King's Cross ndi maola awiri ndi mphindi zingapo, koma ikachedwa mwaluza. Mukafika sewero litayamba amakuimitsani panja mpaka pamene angakulowetseni osasokoneza, ndipo poyambira pamene akutama Nagamapo mwaphonya. Nthawi ya kwathu ija musiye pa Kamuzu International Airport.

Komabe ine ndinene komaliza: atatu onse pansi n'kuwononga. Gulani iwiri yabwino, umodzi wotchipa pamwamba. Mnyamatayo ali ndi miyendo, akwere.

Nagama wa ku Joni: Ayi, mdzukulu akhale ndi agogo ake. Iye ndi amene wapempha, ndipo ndikuganiza kuti chimene akufuna kuona si mkango, ndi nkhope ya agogo njovu ikamadutsa. Akwere ndi mayi ake.

Nachisale: Ine ndikwere ndekha pamwamba nditawoloka nyanja? Mwandilakwira achemwali, hahaha. Koma mwandiganizitsa. Mwanayu wakhala akugwira ntchito usiku m'nyumba yosamalira okalamba kuti athandizire fizi. Dzulo ndimamukalipira za kuwononga, iye anangoti amayi, ndasunga kale ndalama yake, ndimangofuna muvomere. Ine ndimawerengera m'makwacha, iye amawerengera mashifiti atatu.

Malume a ku Dedza: Aa, ngati ndi thukuta la mwana ndipo wafuna kuthokoza agogo ake, ine ndine ndani. Koma fetereza ndi fetereza, ndanena ndanena.

Nachisale: Tapangana chonchi. Mafomu a viza tidzaza sabata ino. Ikatuluka, agula atatu a pansi, Lachitatu masana, agogo kumphepete. Ikadzapezeka yatha, titenga Royal Circle mizere yakutsogolo, tizikwera pang'onopang'ono. Ndawafotokozera amayi madzulo ano, ndawaonetsa ndi zithunzi. Za mtengo sindinawauze, angakane. Afunsa zinthu ziwiri: ngati kumeneko amalola kuliza nthungululu, ndiponso ngati atenge ndalama zachitsulo zofupira ovina.

Nabanda wa ku Luton: Nthungululu pamapeto, pamene onse aimirira kuwomba m'manja, palibe adzawaletse, ndipo osewera a ku South Africa aja adzadziwa kuti m'holomo muli wakwawo. Zofupazo asiye m'chikwama, angagende nyamalikiti pa ndodo zake.

Malume a ku Dedza: Mudzajambule njovuyo ndidzaiyerekeze ndi yathu.

Aphunzitsi Opuma: Kujambula salola, malume. Kandimverere anakanena za m'maluwa, yambani kusunga mapaundi anu.