Human factors kwa ophunzira unamwino: ndiyambire pati?

MphunzitsiWaAnamwino
Anzanga, andipatsa maola ochepa oti ndiphunzitse human factors (maphunziro a chimene chimachititsa anthu kulakwitsa pantchito ndi momwe tingapewere zolakwikazo) kwa ophunzira a chaka chachiwiri. Mabuku angodzaza ndi za ndege. Nanga ana amene akukagwira m'wodi momwe namwino mmodzi amachezera ndi odwala ambirimbiri usiku wonse ndiwauze chiyani? Zoti "muzisamala" akhala akuzimva chiyambire. Amene munachitapo maphunzirowa, chinakuthandizani n'chiyani?

NamwinoKuLeeds
Aphunzitsi, kuno ku Britain ambiri a ku thiyeta tinaphunzitsidwa ndi nkhani ya Elaine Bromiley. Mu 2005, ali ndi zaka 37, anapita kukachitidwa opaleshoni yaing'ono ya m'mphuno. Atamugonetsa, chubu cha mpweya chinakanika kulowa pakhosi. Madokotala ake anali akatswiri, koma maganizo onse anathera pa chubucho, osaona kuti mphindi zikupita okosijeni ali pansi. Anamwino anaona. Wina anabweretsa zida zoboolera pakhosi, wina anakonza bedi ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), koma mawu awo sanamveke. Elaine anamwalira patatha masiku 13. Mwamuna wake Martin, woyendetsa ndege, ndi amene anayambitsa Clinical Human Factors Group mu 2007.

Kwathu izi n'zovuta kuposa kuno, poti tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Choncho musangowafotokozera. Wina akhale dokotala wosamva za mnzake, wina aime n'kunena mokweza: "Adokotala, okosijeni watsika kufika pa 70, papita mphindi zisanu, tiitane thandizo." Abwereze mpaka pakamwa pazolowere.

WogonetsaWaKuboma
Achemwali anena zoona, koma ine ndikokera ku zida. Kulankhula kumafuna kulimba mtima, ndipo munthu wotopa 3 koloko ya usiku mtima umenewo sakhala nawo nthawi zonse. Taonani tibotolo ta mankhwala a potassium chloride wosasungunula: timafanana ndi ta madzi osungunulira jakisoni, ndipo ukabaya mumtsempha mtima umaima. Mu 2002 ku Britain analamula kuti tichotsedwe m'mawodi wamba. Sanati anamwino aziwerenga bwino, anangotichotsa pafupi ndi dzanja. N'chimodzimodzi masilinda aang'ono a pa makina ogonetsera: timabowo ta pamutu pake n'tosiyana, moti silinda ya nitrous oxide (mpweya wogonetsera) singalowe pamalo pa ya okosijeni ngakhale mutaikakamiza.

Atengeni ophunzira anu ku kabati ya mankhwala, muzimitse magetsi, muwapatse tochi ya pafoni. Afufuze mankhwala ofanana maonekedwe omwe agundizana pashelefu imodzi, kenako anene okha momwe angawasanjire.

SisitaWaThiyeta
Akakufunsani ngati izi si za azungu okha, auzeni za checklist (mndandanda wa zoyenera kutsimikizira pochita opaleshoni) ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ya 2008, ya mfundo 19. Mwa zipatala 8 zomwe anaiyesera, china chinali cha ku Ifakara, ku Tanzania konkuno. Pazipatala zonsezo, imfa za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 alionse. Koma chonde atsindikireni: pepalalo limawerengedwa mokweza mpeni usanagwire khungu, aliyense n'kutchula dzina ndi ntchito yake. Kulichonga opaleshoni itatha kuti fayilo ioneke bwino kumandiwawa kwambiri, chifukwa wodwala sapindulapo kanthu.

MphunzitsiWaAnamwino
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi kabati ndi tochi, sewero la adokotala libwere pambuyo. A Sisita, kwanuko amawerenga checklist ndani, namwino kapena wogonetsa?